Ndinabwereka mwamuna kuti ndibayidwe jakisoni

Nyumba yathu ya lendi ku Mangochi inagundana mpanda ndi bala, pafupi ndi depoti. Zinali zaka zija munthu sunkalowa mumsika wopanda kadi ya chipani. Kuseri kwa balako kunali tizipinda ta atsikana ogulitsa mowa. Oyendetsa malole a nsomba, amalonda a ku Chiponde, alimi akagulitsa fodya, onse ankathera kumeneko. Atsikanawo ankawayeza kuchipatala kawirikawiri, koma amuna olowa m'tizipindamo, kuphatikizapo bambo a kunyumba kwanga, palibe ankawayeza. Mpaka lero zimandiwawa.

Ndinali nditapita padera kawiri. Mimba yachitatu, anamwino anandipeza ndi chindoko.

"Mayi, jakisoni timabaya onse awiri. Mukabwere ndi amuna anu."

Bambowo nditawauza anangoti, "Ine ndikudwala pati? Ukafunse komwe unakatenga."

Ine! Woyenda njira ziwiri zokha, ya kutchalitchi ndi ya kumsika! Ndinabwerera kuchipatala ndekha, anandibweza. Ati lamulo. Mwana akugunda m'mimba, iwo ali lamulo.

Amene anandipeza ndikulira pampopi ndi mtsikana wa m'bala, wa ku Nkhudzi, yemwe ife amayi a mpingo tinkatsuka mpopi akachoka kutunga. Mulungu andikhululukire.

"Amama, mukulirira mwamuna m'Mangochi muno? Ali mbwee! Tiyeni tikabwereke."

Ananditengera kwa bambo wina wokonza njinga.

"Achimwene, sambani m'manja, lero mwakwatira."

"Aa! Ukwati wopanda ndi tiyi yemwe?"

"Tiyi wanu ndi jakisoni wa m'thako."

Kuchipatala anabayitsadi, munthu wosadwala, nanenso anandibaya. Anatuluka akutsimphina, amvekere, "Mayi, ukwati uthere pompano." Ambuye awadalitse kumene ali.

Panjira mtsikana uja anandigwira mkono. "Wodwala weniweni mwamusiya kunyumba. Mukakagonanso mphasa imodzi, jakisoniyu wapita pachabe."

Ndinapemphera, ndinamanga katundu, ndinakwera basi ya ku Namwera kwa achemwali anga. Ankhoswe anabwera kawiri konse kudzandikalipira kuti ndathawa banja ndili ndi pakati, ndawachititsa manyazi. Kwa bambo a kunyumba aja sanalankhuleko ngakhale liwu limodzi. Ndinagwada monga mwa ulemu, koma ndinawauza kuti mwana uyu yekha sakakwiriridwa kuseri ngati anzake aja, ndipo ndidzabwerera bambowo akakabayitsa.

Mwana anabadwa wamoyo, wamkazi, akulira mpaka achemwali anaseka. Bambo ake kuchipatala sanapondeko. Nanenso kunyumba ija sindinapondekonso.