Chaka Chimene Amayi Aakulu Anameta

Njinga ya amayi aakulu inali yakale moti makolo athu anabwera nayo kuchokera ku Mozambique ataisenza pamutu, poti misewu kunalibe. Inkadziwa yokha njira ya ku Mbulumbuzi. Tsiku lina inapita kuchigayo popanda munthu n'kubwerako ndi ufa. Sindinama ine, mbuzi zinaona.

Amayi aakuluwo, akulu awo a amayi anga, ankavala buluku, ankafolera okha nyumba, ndipo sanakwatiwepo. Ankakhala ndi aphunzitsi, mayi woonda wonunkhira choko, amene anabwera kudzachita lendi teremu imodzi n'kukalambira pomwepo. M'chipinda cha lendicho munkagona nkhuku.

Anthu ankavutika powatchula. Ena ankati "alendo aja", ena "anzawo aja". Kuchitsime kunali mawu enanso amene ndinawabwereza kamodzi kunyumba, amayi n'kundipotokola khutu moti mpaka lero limamva zakumbuyo zokha. Masiku ano ana anga amandiwerengera pafoni mayina ambirimbiri a anthu okhala chonchi, aulemu ndithu, ndipo ndikuwaphunzira. Koma sindidziwa limene eni ake akanasankha. Palibe anawafunsa.

Aphunzitsi anamwalira nthawi yokolola nandolo, makoko akuthetheka ndi dzuwa m'minda, fumbi lili m'mano. Abale awo anabwera kuchokera kutali, maliro tinaika kwathu konkuno. M'mawa mwake kunali kumeta. Kwathu amameta abale ndi wamasiye basi, ena onse amangoonerera. Amayi aakulu anavula chipewa n'kukhala pamzere.

Achimwene a malemu anaima, lezala lili m'manja. "Pepani mayi, inuyo ndinu ndani wa malemu?"

Pabwalo panati zii, mpaka ndinamva nyerere ikutsokomola. Amayi aakulu, munthu amene ankakalipira ng'ombe mpaka ipepese, anatola chipewa chawo. Anayamba kudzuka.

"Khalani pansi, achemwali," anatero amayi anga. Analandira lezala lija ngati akupempha mchere. "Amene ankawatembenuza malemu pamphasa miyezi yonseyi ndi awa. Dzina la ubalewo muzifufuza, ife tikumeta."

Anawanyowetsa mutu ndi sopo n'kuyamba kumeta pang'onopang'ono, dzanja lina atawagwira pachipumi. Imvi zinagwera pamodzi ndi tsitsi la abale. Achimwene aja anakankhira beseni la madzi pafupi ndi amayi.

Ine maganizo anga anali pena. Tsiku lomwelo ndinafunsa amayi aakulu ngati ndingasamukire kwawo, poti tsopano malo apezeka.

"Malo alipo, mwanawe," anatero, akusisita mpala wawo. "Nyumba yonse."

Ndinasangalala kwabasi. Ndinakhala nawo chilimwe chonsecho, ndipo chinthu chimodzi chokha chinkandizunguza mutu: munthu wopeza bedi lonse yekha, ankagoneranji m'mphepete, atapanikizika kukhoma?