Mayi Bwanji ndi Kamfuti ka Pageti

Pasukulupo panalibe amene ankawaitana ndi dzina lawo lenileni. Onse, kuyambira ahedi mpaka ana a kalasi yoyamba, ankangoti Mayi Bwanji, chifukwa mayiwa sankatha kuona chinthu n'kungochidutsa. "Choko chikutha msanga bwanji masiku ano? Nanga mphunzitsi watsopanoyu akutsimphina bwanji?" Anayamba kusesa pasukulupo mwana wawo woyamba ali kumsana, ndipo mmene mliri unkafika n'kuti mwanayo naye akubereka wake. Amuna awo, okhoma zidebe, munthu wosayankhulayankhula, ankati anakwatira wailesi yopanda pozimitsira.

Mliri utavuta, sukulu zinatsekedwa. Koma pasanapite nthawi ahedi anawaitanitsa. Anati chipinda chimodzi chitsegulidwa, cha ana amene makolo awo ali pa ntchito zosati n'kuima, monga anamwino, oyendetsa ambulansi ndi otola zinyalala, komanso cha ana ena amene kukhala pakhomo tsiku lonse sikungawachitire ubwino.

"Enawo ndiye ati?" Mayi Bwanji anafunsa.

"Amenewo ndikuwadziwa ndine," ahedi anayankha. "Inu yanu ndi iyi."

Anawapatsa kachipangizo koyezera kutentha kwa thupi, kongolozetsa pachipumi, kamene ana anakatcha kamfuti. Tsiku loyambalo mayiwo anakayesa pa chipumi chawo, pa khoma, pa ndowa ya madzi osamba m'manja, ngakhalenso pa mphaka wa alonda. Mphaka anapezeka wotentha kuposa munthu, ndipo nkhani imeneyo anaifunsa kwa aphunzitsi atatu.

M'mawa uliwonse ana ankaima pamzere pageti motalikirana, aliyense m'kabwalo kake kojambula ndi choko. Pankabwera ana ochepa moti mayiwo anadziwa chipumi chilichonse, cha chipsera ndi chonyezimira mafuta. Kamfuti kasanalire, funso linali litatuluka kale kuseri kwa masiki: "Makolo ako amagwira ntchito yanji?" Anamva zambiri. Anamva kuti ogwira ntchito kopopa madzi akugona konko. Anamva kuti wophika buledi amabwera kunyumba ana akudzuka. Mnyamata wina anati bambo ake amagwira m'chipinda chozizira cha kuchipatala, ndipo amavula nsapato panja n'kusamba asanapatse moni aliyense.

Panali kamtsikana ka kalasi yachinayi, kovala juzi lofika m'mawondo ngakhale dzuwa liswe mtengo. Anzake ankakatcha Kajuzi. Lolemba anati amayi ake ndi namwino. Lachitatu anati amayendetsa galimoto ya zinyalala. Sabata yotsatira anali apolisi.

"Iwe, amayi akowo ali ndi manja angati?" Mayi Bwanji anafunsa.

Mwanayo anangoyang'ana pansi n'kupita kukasamba m'manja.

Nkhaniyi inawasowetsa mtendere. Anapita kwa ahedi, koma ahedi anangoti, "Mwanayo ali ndi malo ake pano, basi." Anafotokozera amuna awo madzulo akuwongola lata pabwalo.

"Mwana akunama, ine ndikufuna kudziwa chifukwa chake."

"Akukunamizani kapena akukuyankhani?" bambowo anatero osatukula mutu. "Inu mukafunsa munthu, mumam'siyira pothawira?"

Mayi Bwanji anakwiya, koma m'mawa mwake anayamba kutchera khutu. Posakhalitsa anaona mmene zinkayendera. Kajuzi ankangotola ntchito imene watchula mwana amene waima patsogolo pake. Akakhala kumbuyo kwa mwana wa namwino, amayi ake ndi namwino. Akatsatana ndi mwana wa wophika buledi, amayi ake amaphika buledi. N'chifukwa chake sankafuna kukhala woyamba pamzere. Akafika molawirira ankazengereza pa mpanda, kumanga chingwe cha nsapato chomwe chinali chomanga kale.

Tsiku lina kunagwa mvula yamphamvu ndipo ana ena anachedwa. Kajuzi anafika yekha, juzi lili chonyowa, madzi akuchucha m'manja mwake. Patsogolo pake panalibe aliyense. Mayi Bwanji anali atatsimikiza mumtima kuti lero safunsa, ndipo analuma mlomo kuseri kwa masiki. Kamfuti kanalira. Koma mwanayo sanasunthe, ankadikira funso la masiku onse. Ataona kuti silikubwera, anayankha yekha motsitsa mawu.

"Amayi anga amasesa pasukulu."

Mayi Bwanji anayang'ana tsache lawo limene linali loyedzamira pa geti, kenako anayang'ana mwanayo.

"Oo? Ndiye ali pa ntchito yolemetsatu," anatero. "Msana umawapweteka?"

"Pang'ono."

"Ukawauze kuti azisesa ndi tsache lampini wautali. Tiye, vula juzilo ndikakuyanikire."

Analifinya n'kukaliyanika m'kachipinda kosungiramo matsache, ndipo anam'funditsa mwanayo chitenje chawo chakumapewa. Pa nthawi yopuma Kajuzi anabwera kudzaona ngati lauma. Anakhala pa ndowa yovundikira n'kuyamba kuyankhula yekha, maso ali pa juzi. Anati juzilo ndi la amayi ake. Anati chimwalirireni kamwana kawo kakhanda, amayiwo sadzuka, amangogona choyang'ana kukhoma makatani ali chitsekere. Amene amaphika ndi achimwene ake akaweruka ku ganyu, ndipo tsiku limene sanaweruke msanga, ndiye kuti palibe chakudya.

Mafunso anadzaza m'kamwa mwa Mayi Bwanji. Bambo ake ali kuti? Achibale kulibe? Kuchipatala anapitako? Anawameza onse kupatula limodzi.

"Ahedi akudziwa?"

"Ndi amene anabwera kudzanditenga."

"Basi, zili bwino."

Kuyambira pamenepo funso la pageti linasintha. Ankafunsa ana zimene alota, kapena ngati mphaka amatuluka thukuta, ndipo mzere wonse unkakangana mpaka belu kulira. Kajuzi anasiya kuzengereza pa mpanda. Nthawi yopuma ankawagwirira chowolera zinyalala, iwo n'kumamugawira chakudya chimene atenga kunyumba.

Sukulu zitatsegulidwa, ana anabwerera mwaunyinji, fumbi koboo, ndipo Mayi Bwanji anabwerera ku makalasi awo osesa. Mayi Bwanji anawaonapo amayi a Kajuzi kamodzi kokha, masana ena poweruka. Anali mayi wamtali, wowonda, ataima patali ndi makolo ena, akuphethira ngati kuwala kukuwalasa m'maso. Mwanayo anawakoka dzanja mpaka pamene panali Mayi Bwanji. Anapatsana moni, nakambirana pang'ono za mvula imene inachedwa kusiya chaka chimenecho, kenako mayi ndi mwana wake anatsika ndi msewu wa kumsika, akuyenda pang'onopang'ono.