Pansi pa Chitenje cha Amayi

Fungo la petulo wa jenereta ya aneba kuno ku Wusakile limandibwezera ku Garneton, tsiku lomwe kainjini kathu kakale kopopera madzi kanakana kulira, tomato akufota m'dimba.

Atate anagwada pambali pake atafunda chitenje cha amayi kumutu. Ndinkayesa akupemphera, ndiye nanenso ndinagwada n'kutsinzina.

"Iwe Tisa, tsegula maso! Lowa muno, kunjaku kwawalitsa. Yang'ana pulagiyi."

Anaigoneka pachitsulo n'kukoka chingwe. Kamoto kanathetheka.

"Kotani?"

"Kachikasu, Atate."

"N'kofooka." Anaipala ndi sandipepa, n'kukokanso.

"Kabuluu!"

Madzi anakwera tsiku lomwelo, ine ndikunyada kuti pa ana onse asankha ine. Ndinadzadziwa nditakula kuti maso awo anali atayamba kufooka, ndipo sankafuna kuti amayi adziwe.