Mabatire a wailesi pachilonda chanu, ababa

Ababa, lero ndawerenga pafoni kuti asayansi akuyesa mankhwala ofewa ngati phala, omwe magetsi amadutsamo, oti akamata pachilonda mnofu uzimeranso.

Ndakumbuka ku Ligowe, matipate atangoyamba, khasu litakutemani pamsongolo. Chilonda chitakana kupola, munachotsa mabatire muwailesi, kuwaphwanya ndi mwala, n'kuthira zakuda zija pabalapo. Amayi atakuletsani munaseka: "Mphamvu yoyankhulitsa wailesi ingalephere mnofu, eti?" Wailesi inangoti zii, m'nyumba n'kumamveka ntchentche zokha. Mvula isanagwe tinakuikani m'manda.

Mwina maganizo anu sanasokere kwenikweni. Koma mankhwalawo akadali kutali, ababa, ndipo ine chilonda changa chatuluka pamsongolo pomwepo. Sichikupola, ndipo ntchentche zayamba kunditsatira.