Tsiku Limene Amalume Anakana Kufa

Chaka chimene ndinamaliza sekondale, ife achinyamata a kutchalitchi ku Mpanshya tinakonza sewero. Wolemba ndinali ine. Inali nthano ya makedzana, ya mwinidziko wankhanza wokhala m'linga la miyala, wolanda chimanga cha alimi ake, woweta chinjoka chodya aliyense wodandaula. Ine ndinadzipatsa mbali ya msilikali wolimba mtima womupha pamapeto.

Koma mbali ya mwinidziko palibe anaifuna. Ndiye ndinapita kwa amalume anga, okonza njinga pafupi ndi chipatala, munthu wofatsa moti nkhuku ikalowa m'shopu mwawo ankachita kuipempha kuti ituluke.

"Ine wankhanza?" anatero akupukuta girisi m'manja. "Chabwino mphwanga, tiyese."

Lamlungu, Misa itatha, holo inadzaza. Tinawaveka chisoti cha katoni ndi bulangeti lofiira. Atangokwera pasiteji, amalume anasanduka munthu wina. Anabangula, analanda matumba, analamula kuti wolira alipire msonkho wa misozi. Mawu amenewo sindinalembe ine. Anthu anafa ndi kuseka, ndipo mayi wina wogulitsa nthochi anawagenda ndi makoko.

Nthawi yanga itakwana, ndinatulukira ndi lupanga la thabwa nkuwabaya kukhwapa. Sanagwe. Ndinabayanso. Anangoliyang'ana lupangalo nkufunsa anthu kuti, "Kodi mukumvako udzudzu muno?"

"Amalume, ifani," ndinawanong'oneza thukuta lili kamukamu.

"Manjemanje? Anthu akali kusangalala," anayankha chapansipansi.

Anyamata amene ankasewera mbali ya chinjoka, atafunda tenti, anayamba kutsokomola chifukwa cha kutentha. Apo m'pamene akazi awo a amalume anaimirira kumbuyo kwa holo.

"Atate a ana, ifani msanga! Mbuzi zalowa m'dimba!"

Amalume anagwa pomwepo, khu! Asanaombe m'manja anthu, mtembo unadzuka nkuthamangira pakhomo, bulangeti likuuluka kumbuyo.

Ndinawakwiyira mlungu wonse, poti ulemu wanga wa msilikali unathera pamenepo. Iwo sanadandaule. Makasitomala anayamba kugwada mwanthabwala pobweretsa njinga, akuti, "Ambuye a linga, tayala laphwa." Amalume ankakweza chibwano, nkuyankha ndi mawu aakulu aja kuti abwere madzulo, kenako nkulimata tayalalo nthawi yomweyo.