Asiyatu amugoneka m'chipatala, nanga litiwo lija?

Mwaswera bwanji nonse. Ine kuno mutu waima.

Lero ndinaperekeza mng'ono wanga Asiyatu kukaunikitsa mimba, poti BP yake yakwera. Adokotala atayendetsa kamakina pamimba anaitana anzawo. Akuti mwana akuchepa poyerekeza ndi miyezi yake, koma mtima ukugunda bwinobwino. Ndaumva ndekha, gu gu gu! Ndiye ali bwino kapena ayi? Sindinamvetse.

Amuuza kuti akhale konkuno, azimuyeza mpaka achire. Komatu Loweruka pali litiwo lake ku Ndunde, mwambo wa mimba yoyamba uja. Azakhali akuti popanda malangizo amenewo sangachire bwino.

Mwiniwake akungolira. Amalume, titani? Anankungwiwo sangabwere kudzamulangiza muwodi momwemuno?