Lichero lamapiko la amalume Lameki

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene amalume Lameki, mlongo wawo wa amayi, anabwera kudzakhala nafe ku Bangwe. Ntchito yawo inali yolemba zikwangwani za magolosale ndi masaluni, koma mtima wawo unali kwina. Akaweruka ankakhala kuseri kwa nyumba ndi mabuku akaunjika achingerezi, omwe pachikuto pake pankakhala njoka zamapiko ndi mafumu a malupanga aatali ngati munsi. Akawerenga masamba angapo ankaika buku pansi n'kuyamba kupanga zomwe awerengazo ndi mawaya, zitsekerero za mabotolo ndi guluu. Amayi ankangopukusa mutu kuti munthu wandevu zake akuseweretsa zidole.

Ine ndinkawakonda chifukwa ankandisimbira nkhanizo m'Chichewa. Ina inali ya anthu okhala m'mitambo, oyenda pa zombo zouluka, ndipo tinagwirizana zopanga chombo chathu. Anatola lichero lakale limene amayi anataya, naliikira mapiko a nsungwi ndi nsalu yakuda ya ambulera yothyoka. Pakati anakhazika kamunthu kadongo, maso ake mikanda iwiri ya mkanda wanga woduka. Ine ndinkagwira mapikowo podikira kuti guluu aume, zala n'kumamatana mpaka madzulo.

"Mphatso, ichi n'choyang'ana chabe, sichiuluka," anandichenjeza. "Usachikhudze ine kulibe."

Loweruka m'mamawa anapita ku Limbe kukalemba chikwangwani. Ine ndinakwera nacho mumtengo wa mapeyala n'kuchiponya. Chinadumpha mpanda n'kukagwa pabwalo la oyandikana nafe, amake Tadala, amene ankachapa. Anakuwa ngati aponda njoka.

Posakhalitsa pabwalopo panadzaza anthu. Kwathu kuno lichero likagwa kuchokera kumwamba, nkhani yake ndi imodzi: ndege ya afiti. Wina anati kunja kwawachera ali m'njira. Wina anati mafuta awathera. Mayi wina anayamba kupemphera mokweza, ndipo mnzake analumbira kuti kamunthuko kaphethira.

Ndinadutsa m'miyendo ya akuluakulu n'kukasuzumira. Mikanda inali yanga yomwe ija, komabe ndinayamba kukayika. Kodi anthu onsewa, ena a imvi zawo, angalakwitse limodzi? Kapena amalume ankandiphunzitsa ufiti ine osadziwa? Nanga poti anati sichiuluka, mpanda chinaudumpha bwanji? Mutu wanga unaima, moti ndinayamba kuopa chinthu chimene ndinamata ndi zala zanga.

Kenako wina anakumbukira za mkulu wa mabuku a njoka uja. Amalume anatulukira cha kumasana atanyamula zitini za penti, anyamata ena atatola kale miyala.

"N'changa ichi," anatero mosatekeseka. "Ndi chidole. Tapanga ndi mwanayu. Mphatso, tawauze anthuwa, anagwira mapikowa ndani?"

Maso onse anatembenukira kwa ine. Ndinaona miyala ija, ndinaona amayi atagwira pakamwa.

"Sindikudziwa," ndinayankha.

Amalume anandiyang'ana kanthawi. Kenako anagwada pansi n'kuyamba kuphwasula chombocho okha, kachidutswa ndi kachidutswa, akuonetsa anthu. Uwu ndi waya wa sipoko ya njinga. Iyi ndi ambulera. Kamunthu kaja anakaswa pakati kuti onse aone kuti ndi dothi lokhalokha. Ena anaseka n'kumapita, miyala inagwa pansi, koma amake Tadala anakakamira kuti zidutswazo zitenthedwe, ndipo zinatenthedwa. Madzulo mwini nyumba anauza amayi kuti sakufuna phokoso pamalo pake. Sabata isanathe amalume anasamukira ku Machinjiri.

Tsiku losamuka ndinabisala kubafa. Ndinkachita manyazi, komanso, kunena zoona, ndinkawaopabe pang'ono. Iwo anaima panja n'kulankhula kudzera pachitseko.

"Zoti unaliponya lichero lija sindikukwiya nazo, nanenso ndinkafuna kudziwa. Tandiuze, linauluka mtunda wautali bwanji?"

Anadikira, kenako ndinamva mapazi akupita. Pakhonde anandisiyira buku la zombo lija.

Lero ndine mayi wa ana awiri, ndipo ndimajambula zithunzi za m'mabuku a ana. Pashelefu panga pali tinjoka tamapiko timene alendo ena amatiyang'ana cham'mbali. Kwa zaka zambiri ndinkaganiza kuti tchimo langa linali kusamvera. Tsopano ndikudziwa kuti linali lina: ndinalola khamu la anthu kundilanda chimene ndinkachidziwa, n'kusiya munthu wondikonda ali yekha pakati pa miyala. Amalume anamwalira ndisanawayankhe funso lawo. Linauluka, amalume. Kuchokera mumtengo wa mapeyala mpaka pa beseni la amake Tadala, ndipo mapiko amene ndinagwira ine aja sanathyoke.